Elective ku chipatala cha mishoni ku Kenya: ndiyambire pati?

Nachisale04
Moni nonse. Ndine wophunzira za udokotala, ndipo chaka chamawa pa nthawi ya elective (masabata omwe timakaphunzira ku chipatala chomwe tasankha tokha) ndikufuna kukakhala masabata 6 ku chipatala cha mishoni ku Kenya, kaya Tenwek kaya Kijabe. Mtima wanga uli pa utumiki wa zachipatala ndikadzamaliza sukulu. Ku fellowship aliyense akungoti pempherani, Ambuye atsegula khomo. Amen, ndikupemphera. Koma palibe wandiuza kuti pakhomopo pali mafomu angati. Amene mukudziwa, ndithandizeni: makalata, katemera, ndalama, komanso zomwe wophunzira amaloledwa kuchita kwa odwala.

Tsabola_Wakale
Funso loyamba: ku Nkhoma kwatha odwala? Ku Embangweni? Ku Mulanje Mission?

Dotolo_Mkulu
A Tsabola, nkhani yanuyo tiibwerera, ndi yofunika. Poyamba timuyankhe mwanayu zomwe wafunsa.

Mayi Nachisale, yambani miyezi 9 mpaka 12 ulendo usanafike, ndipo musasokoneze ndondomeko. Choyambirira ndi sukulu yanu. Pitani kwa amene amayang'anira ma elective mukamve ngati amavomereza malo akunja, masabata angati, ndi fomu yomwe okuyang'anirani kumeneko adzadzaze. Ambiri amayamba ndi kulembera chipatala, n'kulandiridwa, n'kugula tikiti, kenako sukulu n'kunena kuti masiku amenewo mukhala mukulemba mayeso. Tikiti yotsika mtengo sabweza ndalama.

Sukulu ikavomera, lemberani ofesi ya maphunziro ya chipatalacho. Mafomu ambiri omwe mupeze pa intaneti analembedwa poganizira ophunzira a ku America ndi ku Ulaya, omwe amadzera m'mabungwe awo a mishoni. Tenwek inayambitsidwa ndi amishonale a World Gospel Mission mu 1937 ndipo ili pansi pa Africa Gospel Church. Kijabe inayamba mu 1915 ndi Africa Inland Mission. Inu simukuchokera kumeneko, choncho nenani poyera kuti ndinu wophunzira wa ku Malawi, chaka chakuti, mwamaliza ma rotation akutiakuti, ndipo funsani ngati pali mtengo wina wa ophunzira a mu Africa. Kufunsa sikulipiritsa.

M'kalata yokulandirani muyenera kukhala zinthu zitatu: dzina la dokotala amene akakuyang'anireni, dipatimenti, ndi masiku enieni. Kalata yongoti takulandirani mwa Ambuye ndi yokoma kuwerenga koma ku immigration ndi kusukulu siikuthandizani. Afunseninso, akuyankheni molemba, ngati dzina lanu liyenera kupita ku Kenya Medical Practitioners and Dentists Council, lomwe ndi bungwe lofanana ndi Medical Council of Malawi kwathu kuno, komanso mtundu wa chilolezo cholowera m'dziko chomwe akufuna. Kenya inasiya visa n'kuyamba eTA, chilolezo chopempha pa intaneti ulendo usanayambe, mu Januwale 2024, ndipo malamulo ake akhala akusinthasintha, makamaka kwa nzika za mayiko a mu Africa. Komanso kuloledwa kulowa ngati mlendo si kuloledwa kugwira odwala. Pasipoti ikhale ndi miyezi 6 yotsala kuwerengera tsiku lofika.

Nachisale04
Zikomo adokotala. Za dzina la woyang'anira sindinaziganizepo n'komwe.

GogoNesi
Mwanangu, lembani izi papepala, chifukwa katemera ndi amene amachedwetsa anthu.

Hepatitis B ndiye woyamba. Ndi jakisoni katatu: lero, pakatha mwezi umodzi, ndi pakatha miyezi 6. Kenako pakapita mwezi umodzi kapena iwiri mukayezetse magazi, anti-HBs, muyeso wa chitetezo chanu ku matendawa, ikhale 10 mIU/mL kapena kuposa. Mukuona kuti pafunika miyezi 7 kapena 8. Ilipo njira yachangu, ya tsiku 0, 7 ndi 21, koma imafuna jakisoni wachinayi pakatha chaka. Ngati munabadwa 2002 itadutsa mwina munalandira kusikelo, chifukwa chaka chimenecho ndi pomwe Malawi inayamba katemera wophatikiza uja wokhala ndi hepatitis B. Musangodalira mawu a amayi anu, pezani buku la kusikelo kapena yezetsani. Anthu amaopa HIV akabayidwa ndi singano, koma HIV imalowa pafupifupi 3 mwa 1,000 aliwonse obayidwa ndi singano ya munthu amene ali nayo, pomwe hepatitis B imatha kufika 30 mwa 100 ngati wodwalayo ali ndi tizilombo tambiri ndipo inu mulibe chitetezo.

Yellow fever ndi jakisoni mmodzi, ndipo kuyambira 2016 khadi lachikasu limagwira ntchito moyo wonse. Koma limayamba kuwerengedwa patatha masiku 10 chibayireni. Wobayitsa Lachisanu n'kumanyamuka Lolemba ali ndi pepala chabe. Kenya ili m'gulu la mayiko omwe matendawa amapezeka, ndiye khadilo lidzafunikanso pobwerera kuno. Ngati muli oyembekezera, kapena thupi lanu limadana kwambiri ndi mazira, kapena chitetezo chanu chatsika, uzani wobayayo asanatsegule botolo.

Onjezani wa kafumbata ngati papita zaka 10, ndi wa typhoid.

Pharm_waZomba
Ndiwonjezere pa za Gogo. Musananyamuke funsani chipatalacho funso ili momwe lililimu: ndikabayidwa ndi singano 2 koloko usiku Loweruka, PEP (mankhwala oteteza ku HIV munthu akabayidwa) ndikaitenga kwa ndani? Zipatala zazikulu ngati ziwiri mwatchulazo zili ndi ndondomeko yake. Vuto limabwera mukatumizidwa ku kiliniki ya kumudzi kwa masiku atatu.

Zikachitika: sambani pabalapo ndi sopo ndi madzi oyenda. Osafinya, osayamwa, osathirapo jiki. Ngati magazi athovukira m'maso, tsukani ndi madzi ambiri kapena saline. Uzani wamkulu wa pa shifiti nthawi yomweyo, ngakhale muli pakati pa opaleshoni. Piritsi loyamba limwedwe m'maola oyambirira, malire ndi maola 72, ndipo mumwa masiku 28 osadumphitsa. Mankhwala ake ndi tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir m'piritsi limodzi, omwe kwathu timawadziwa kuti 13A. Kumeneko mukanena 13A akuyang'anani ngati mwatchula nambala ya minibasi, nenani TLD.

Chomwe ambiri amalakwitsa ndi kumwa dolutegravir pamodzi ndi maginiziyamu wa kutentha pamtima. Amamatirana m'matumbo, mankhwala osalowa m'magazi mokwanira. Imwani dolutegravir maola 2 musanamwe enawo, kapena maola 6 mutamwa. Mapiritsi a iron ndi calcium nawonso amachita zomwezo mukamwa m'mimba mulibe kanthu. Ndipo yezetsani HIV musananyamuke kuti mudziwe pomwe mwayambira.

Tsabola_Wakale
Zonsezi ndi zabwino koma funso langa silinayankhidwe. Zipatala za mipingo za CHAM zimasamalira gawo lalikulu la odwala m'dziko muno, makamaka kumidzi, ndipo zikulira madokotala. Ndalama ya ndege yopita ku Nairobi ingamusunge mwanayu ku Ekwendeni miyezi ingati? Maitanidwe enawa amangomveka pomwe pali bwalo la ndege.

Mkulu_wa_Mpingo
Achimwene a Tsabola, mawu anu ali ndi mchere koma mwapyola pang'ono. Uthenga unafika kuno ndi anthu amene kwawo kunalinso odwala. Dr Robert Laws anasiya Aberdeen n'kufika kuno mu 1875. William Koyi anachokera ku Lovedale ku South Africa mu 1876, munthu wakuda mnzathu, ndipo ndi iye anatsegula njira kwa Angoni a M'mbelwa chifukwa chilankhulo chake chinkamveka kwa iwo. Ifenso tinatumizako: David Kaunda anachoka ku Livingstonia kupita ku Chinsali. Dr Daniel Malekebu anamaliza udokotala ku Meharry mu 1917, anatumikirako ku Liberia, kenako anabwera kudzatsegulanso mishoni ya PIM (Providence Industrial Mission) ku Chiradzulu mu 1926. Kodi Amalawi tinalengedwa kuti tizingolandira amishonale?

Pomwe ndikugwirizana nanu ndi apa: munthu amene sanapiteko kukacheza ndi odwala ku chipatala chapafupi ndi kwawo asatiuze kuti waitanidwa ku Kenya. Pa Machitidwe 13, Barnaba ndi Saulo anali kale pa ntchito mu mpingo wa ku Antiokeya pomwe anapatulidwa, ndipo mpingo ndi umene unawasanjika manja n'kuwatumiza. Sanadzitume okha.

Tsabola_Wakale
Koyi anakakhala zaka mpaka anamwalirira komweko. Uyu akupita masabata 6.

Dotolo_Mkulu
Apo mwalasa, a Tsabola, ndipo n'chifukwa chake tiyenera kutchula zinthu ndi mayina ake. Masabata 6 a wophunzira si utumiki wopulumutsa anthu a ku Bomet, komwe kuli Tenwek. Ndi sukulu. Wopindula kwambiri ndi wophunzirayo, ndipo chipatala chimawononga nthawi ya madokotala ake pomuphunzitsa. Mlendo ndi mame. Akavomereza zimenezi, ulendowo uli ndi phindu lenileni: akaona momwe chipatala cha mpingo chimaphunzitsira madokotala a opaleshoni, momwe chimapezera ndalama, momwe abusa a pachipatala amagwirira ntchito ndi anamwino. Pulogalamu ya PAACS yophunzitsa madokotala a opaleshoni achikhristu ili ku Tenwek ndi ku Kijabe, ilinso ku Malamulo ndi ku Nkhoma. Ndiye zomwe akaone kumeneko zili ndi kolowera akabwerera.

Kadzidzi
Ine ndingoti asaiwale juzi. Anthu amamva Kenya n'kuganiza kutentha kwa ku Mombasa. Tenwek ndi Kijabe zonse zili pamtunda wopitirira mamita 2,000. Ganizirani Dedza mu Juni, kenako muwonjezere.

Nachisale04
Haha juzi ndalemba. Nanga pamtunda choncho malungo aliko? Ndimwe mankhwala oteteza?

WakuLeeds
Zitengera komwe mwakhala zaka zapitazi. Pamalo okwera chotero udzudzu wa malungo ndi wochepa, koma odwala amabwera nawo kuchokera kumunsi, ndipo mukatsikira ku Kisumu kapena kunyanja ya mchere pa weekend mwalowa m'dera la malungo. Uthenga wanga ukupita makamaka kwa ana athu omwe akuphunzira kuno ku UK kapena ku Cape Town omwe akuwerenga nawo: chitetezo chomwe munali nacho muli ku Salima chimazilala mukakhala kunja zaka zingapo. Kunena kuti ndine Mmalawi malungo ndinawazolowera kwagonetsa anthu ambiri mu ICU.

Zosankha ndi zitatu. Doxycycline 100 mg tsiku lililonse, kuyamba tsiku limodzi kapena awiri musanalowe m'deralo, kupitiriza masabata 4 mutachokako. Ndi wotchipa, koma mumwe ndi madzi odzadza kapu ndipo musagone pansi kwa theka la ola, apo ayi amawotcha kum'mero. Woyembekezera asamwe. Atovaquone-proguanil tsiku lililonse, kupitiriza masiku 7 okha mutachokako, koma ndi wodula. Mefloquine kamodzi pa sabata, kuyamba masabata 2 kapena 3 ulendo usanafike, ndipo amene anadwalapo khunyu, nkhawa kapena matenda a maganizo asamuyandikire. Wochokera ku Malawi mwachindunji akambirane ndi dokotala wake, mwina neti ndi kuyezetsa msanga thupi likatentha n'zokwanira.

Pharm_waZomba
Ndipo LA wathu uja kumeneko amati AL. Mankhwala omwewo, zilembo anangozitembenuza.

Mai_Mvano
Pepani ndilowererepo, ine za mankhwala sindidziwa. Koma ndikuona ngati tayika Mulungu pambali. Mwanayu wanena kuti mtima wake uli pa utumiki. Akakafika pabedi la wodwala asamuuze za Yesu? Nanga apitiranji ku chipatala cha mishoni?

Chaplain_Wodi3
Mayi, funso lanu ndi la pakati penipeni, musapepese. Mawu omwe chipatala cha Tenwek chimadziwika nawo amanena kuti iwo amapereka chithandizo koma wochiritsa ndi Yesu, ndiye kumeneko palibe amene angamuletse kupemphera. Nkhani ndi kachitidwe kake.

Munthu wagona pabedi, wavala nsalu yokha, mawa akupita ku fiyeta. Amene waima pambali pake wavala gauni yoyera. Woimayo akati tiyeni tipemphere, wogonayo angakane? Amaopa kuti akakana sasamalidwa bwino. Choncho dongosolo lake ndi ili. Malizani kaye ntchito yachipatala yonse, wodwala adziwe kuti chithandizo chake chatsimikizika. Kenako funsani funso lomwe lili ndi khomo lotulukira, monga lakuti, kodi chikhulupiriro chimakuthandizani pa nthawi ngati ino? Akayankha mwachidule n'kuyang'ana kukhoma, mwamva yankho, siyani pomwepo ndipo mawa mumupatse moni wa nsangala yomweyo. Akatsegula mtima, funsani ngati angakonde kuti mupemphere naye kapena muitane abusa a pachipatala. Pemphero likhale lalifupi, lapansipansi, ndipo musalonjeze machiritso m'dzina la Mulungu. Wodwala khansa ya kum'mero yomwe yafalikira mukamuuza kuti mwachira landirani, banja limasiya kukonzekera, ndipo akamwalira amene atsale ndi mafunso ndi abusa a kumeneko, inu muli pa ndege.

Pa 1 Petro 3:15 pali zinthu ziwiri zomwe timakonda kudumpha: timayankha amene watifunsa, ndipo timayankha mofatsa ndi mwaulemu. Msilamu wa Chisomali, omwe amabwera ambiri ku Kijabe, ali ndi ufulu wothandizidwa bwino lomwe popanda kumva ulaliki. Alipo maphunziro otchedwa Saline Process omwe magulu a madokotala achikhristu amaphunzitsa pa nkhani yomweyi. Mukawapeza pafupi, kachiteni musananyamuke.

Mai_Mvano
Ndamva abusa. Komabe ine ndimaopa kuti ulemu ukachuluka munthu amabwerako osatchulako dzina la Yesu ngakhale kamodzi.

Chaplain_Wodi3
Zimachitika mayi, sindikana. Koma wophunzira amene amabweranso madzulo kudzaona ngati gogo uja wadya, odwala amamufunsa okha kuti iwe ndiwe mwana wa ndani. Mpata umapezeka pamenepo.

Opaleshoni_Phiri
Ndibwere ku funso lomwe Nachisale anafunsa kumapeto, chifukwa ndi lomwe limapha anthu. Lamulo ndi limodzi: chomwe simuloledwa kuchita nokha ku chipatala chomwe mukuphunzira, simuloledwa kuchita nokha kwina kulikonse. Malire a dziko sawonjezera luso m'manja.

Musananyamuke gawani pepala patatu. Mbali yoyamba, zomwe mwachitapo kambiri ndipo wina anakusainirani mu logbook: kufunsa mbiri ya matenda, kupima, kutenga magazi, kuika kanyula, kuika katheta, kusoka bala laling'ono. Mbali yachiwiri, zomwe mungachite wamkulu ataima pambali panu atavala magolovesi: lumbar puncture (kutenga madzi a mumsana), kuchotsa madzi m'mimba kapena m'chifuwa, kubereketsa, kuthandizira pa caesar. Mbali yachitatu, zomwe mungoonerera. Tsiku loyamba mupatseni woyang'anira pepalalo. Amakulemekezani nalo, ndipo limakutetezani usiku womwe wina wotopa adzakuuzeni kuti ingoikani chest drain (paipi yotulutsa madzi kapena mpweya m'chifuwa), ndikubwera.

Mmene zimalakwikira ndi motere. Sabata yoyamba wophunzira amaopa chilichonse. Yachitatu wazolowera, anamwino akumuitana daktari, odwala akumuthokoza, ndipo mumtima mwayamba kumveka mawu akuti Mulungu wandibweretsa kuno pa nthawi ngati iyi. Apo ndi pomwe trocar, nsonga yachitsulo yolowetsera paipi ija, imalowa m'chiwindi m'malo mwa m'chifuwa. Chikhulupiriro chikasakanikirana ndi kudzimva, munthu amasiya kufunsa, chifukwa kukayika amakuona ngati kuchepa kwa chikhulupiriro. Kumbukirani nkhani ya ku Jinja ku Uganda: mtsikana wa ku America wopanda maphunziro a udokotala anatsegula malo osamalira ana onyentchera ponena kuti waitanidwa, ana ambiri anamwalira pamalopo, azimayi awiri anakasuma mu 2019, ndipo nkhaniyo inatha mu 2020 pogwirizana kunja kwa khoti iye osavomera mlandu. Zolinga zabwino zinalipo.

Baji yanu ilembedwe kuti ndinu wophunzira, ndipo dzitchuleni choncho kwa wodwala aliyense. Simusaina mankhwala nokha. Pa ngozi yeniyeni, munthu akutha mpweya ndipo palibe wina, chitani zoyambirira zomwe munaphunzitsidwa, njira ya mpweya, kupuma, kuthina pomwe pakutuluka magazi, uku mukukuwa kuti wina aitane wamkulu.

Tsabola_Wakale
Apa ndiye ndasaina nawo. Ndipo zithunzi za ana odwala pa Facebook ayi. Mmene zimatiwawira alendo akajambula ana athu m'mawodi, tisakachite zomwezo kwa eni.

Mswahili_wa_Karonga
Za chilankhulo palibe wanenapo. Madokotala ndi anamwino mulankhula nawo Chingerezi, koma odwala ambiri ndi Chiswahili, ndipo ku Tenwek agogo ambiri ndi Chikipsigis chokha. Moni wawo ndi chamgei, ndipo kungonena liwu limenelo nkhope zimamasuka.

Mwayi wanu ndi woti Chiswahili ndi chibale chathu. Kifua ndi chifuwa, kifua kikuu ndi chifuwa chachikulu, sindano ndi singano. Loweza izi: unaumwa wapi, kutanthauza mukumva kuwawa pati, tangu lini, kuyambira liti, homa, kutentha thupi, kuhara, kutsegula m'mimba, kutapika, kusanza, damu, magazi, pole, pepani. Koma ubalewo uli ndi misampha. Mimba kwa iwo ndi pakati basi, pamimba amati tumbo, ndiye musakafunse bambo wachikulire za mimba yake. Kuponya kwa iwo ndi kuchiritsa, mukamva m'pemphero kuti Yesu anaponya musadabwe kuti waponya chiyani.

Msampha woopsa ndi nthawi. Iwo amayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka. Saa moja asubuhi ndi 7 koloko m'mawa, saa mbili ndi 8, saa sita mchana ndi 12 masana. Kusiyana ndi maola 6. Mayi akakuuzani kuti mwana anakomoka saa nne, akunena 10 koloko. Mukalemba 4 mwasokoneza mbiri yonse, ndipo pa matenda a mayi woyembekezera kapena pa nthawi yomwe munthu anadya komaliza asanapite ku fiyeta, maola 6 si masewera. Funsani kawiri, lozani wotchi.

Kadzidzi
Yesu anaponya. Ndafa ine.

Lab_Tech_BT
Msampha wina wofanana ndi umenewo ndi wa manambala a ku lab. Makina ena oyezera shuga amapereka mg/dL, ena mmol/L, ndipo m'chipatala chomwe muli madokotala a mayiko osiyanasiyana mumva zonse ziwiri pa round imodzi. Kuchoka ku mg/dL kupita ku mmol/L gawani ndi 18: shuga wa 180 ndi 10, wa 54 ndi 3. Creatinine, 1 mg/dL ndi 88.4 µmol/L. Lembani kuseri kwa baji. Munthu akati shuga ali 25, funsani kuti 25 chiyani, chifukwa kwina akufunika dextrose msangamsanga, kwina akufunika insulin.

Werenganinso matenda omwe kwathu sitiwaona kawirikawiri. Brucellosis mwa oweta ng'ombe omwe amamwa mkaka wosawiritsa, imabwera ngati malungo osamva mankhwala ndi kuphwanya kwa msana. Kala-azar mwa ochokera ku Baringo, West Pokot ndi Turkana, kapamba wamkulu ndi kutentha thupi kwa masabata. Khansa ya kum'mero ndiye muidziwa kale, chifukwa Malawi ili m'gulu la mayiko omwe ili yochuluka kwambiri padziko lonse, ndipo Tenwek imadziwika ndi ntchito yoika ma stent kuti odwalawa athe kumeza. Ngati pali chinthu chimodzi choti mukachionetsetse n'kubwera nacho m'mutu, ndi chimenecho.

Nachisale04
Ndadzadza masamba anayi. Chatsala ndi chomwe chikundisowetsa tulo: ndalama. Kupempha kumpingo ndikuchita manyazi.

Msungichuma
Manyazi achotseni, koma pitani ndi pepala osati misozi. Pa Luka 14:28 womanga nsanja amayamba wakhala pansi n'kuwerengera. Bajeti yanu ikhale ndi tikiti ya Lilongwe kupita ku Nairobi ndi kubwerera, ulendo wapamsewu (ku Kijabe ndi ola limodzi ndi theka kapena kucheperapo, ku Bomet ndi maola 4 kapena kuposa kudzera ku Narok), malipiro a chipatala ngati alipo, malo ogona, chakudya, katemera ndi kuyezetsa magazi, chilolezo cha immigration, inshuwaransi ya umoyo, ndipo pamwamba pake onjezani 15 pa 100 ya zadzidzidzi. Mtengo uliwonse ukhale wochokera pa kalata kapena quotation yeniyeni, ndipo lembani m'madola komanso m'makwacha ndi tsiku lomwe mwasinthira. Amene anasonkha makwacha mu Okutobala 2023 anadzuka mu Novembala ndalama itagwa ndi 44 pa 100.

Njira yake kumpingo: yambani ndi mkulu wa mpingo wa dera lanu, iye akutengereni kwa abusa ndi ku session. Pemphani kalata yokuvomerezani, chifukwa zipatala za mishoni zambiri zimafuna umboni wa abusa. Ndalama zisalowe mu Airtel Money yanu mwachindunji, zidzere kwa msungichuma wa mpingo, alembe aliyense wopereka. Mukabwerako perekani lipoti ndi malisiti pasanathe mwezi. Wophunzira mmodzi akadya ndalama za ulendo osabweza mawu, amatsekera khomo onse obwera pambuyo pake.

Ndipo nenani zoona pa guwa. Musakanene kuti mukukapulumutsa miyoyo. Nenani kuti mukukaphunzira momwe chipatala cha mishoni chimayendera kuti mudzatumikire bwino. Anthu amapereka ndithu pa choonadi.

Ku banki pitani msanga ndi kalata yokulandirani, invoice ndi tikiti. Ndalama zakunja sizipezeka tsiku lomwe mwazifuna.

WakuLeeds
Pa inshuwaransi werengani timalemba ting'onoting'ono. Zambiri za apaulendo sizilipira ngozi yochitika mukugwira ntchito m'chipatala, kubayidwa ndi singano kuli m'gulu lomwelo. Funsaninso sukulu yanu ndi chipatalacho kuti wodwala akavulala m'manja mwanu mlandu ndi wa ndani. Yankho mulisunge pa email.

GogoNesi
M'chikwama: stethoscope, tochi ya kumutu chifukwa manja onse awiri amafunika, magalasi oteteza maso, ma N95 okukwanani bwino pankhope a ku wodi ya TB, nsapato zotseka kumapazi zosalowa madzi, wotchi ya masekondi, kabuku ka m'thumba. Mapulagi ndi a mano atatu ngati athu omwewa. Masiketi ofika pansi pa mawondo, kumidzi ya kumeneko amaona kavalidwe ngati kwathu. Mankhwala otha ntchito kapena zipangizo zomwe sanapemphe musanyamule, mukawapatsa ntchito yotaya zinyalala.

Mkulu_wa_Mpingo
Chimodzi chomwe sichilowa m'chikwama. Ambuye potuma ophunzira aja pa Luka 10 anawatuma awiriawiri. Ngati mnzanu wa m'kalasi angapite nanu, ndi bwino. Ngati ayi, sankhani anthu awiri kuno, mmodzi wa kumpingo, wina dokotala kapena namwino wamkulu, oti muzilankhula nawo tsiku lokhazikika sabata iliyonse. Mudzaona mwana akumwalira mutamupempherera usiku wonse, ndipo m'mawa mwake 7 koloko round ikuyamba ngati palibe chachitika. Ena amabwerako atakwiyira Mulungu osauza munthu. Werengani Masalimo a madandaulo musananyamuke, 13, 42, 88, kuti mudziwe kuti mafunso amenewo ali ndi malo m'Baibulo. Lamulungu kapembedzeni ndi eni dera, ngakhale mapemphero atatalika ndipo simukumva chilankhulo, m'malo mongokhala ndi alendo anzanu.

Tsabola_Wakale
Chabwino, apite. Koma holide ikubwerayi akayambe wakhala masabata awiri pa chipatala cha mishoni cha konkuno, aone ngati mtima uja ukhalabe pomwe madzi asiya kutuluka ndipo jenereta yakana kulira. Akapirira, pa tikitiyo ndiponyapo kangachepe. Kuponya kwa Chichewa.

Nachisale04
Ndavomera a Tsabola, ndipo screenshot ndatenga. Mawa ndikupita ku ofesi ya elective, Lachinayi ndikayezetsa anti-HBs. Gogo, ikapezeka pansi pa 10, ndiyambirenso onse atatu kapena jakisoni mmodzi akwana?

GogoNesi
Ngati buku la kusikelo likuonetsa kuti munalandira onse atatu, bayitsani mmodzi, dikirani mwezi umodzi kapena iwiri, yezetsaninso. Ikakwera kufika 10 mwathana nazo. Ikakanabe, malizani awiri otsalawo n'kuyezetsanso, ndipo pa ulendo womwewo muyezetse HBsAg, yoona ngati hepatitis B ili m'magazi, chifukwa ena sayankha katemera kaamba koti kachilomboko ali nako kale osadziwa. Ngati bukulo linasowa, yambirani pa jakisoni woyamba sabata ino.